Brothers in Arms inagulidwa kwambiri inde, koma ine ndili ku Love over Gold

A Mkonzi,

Ndiyambe ndi kuthokoza kuti tsamba lanu la zamsangulutso latikumbukirako ife achikulire potilembera za Dire Straits, gulu la oimba la ku Britain lija. Masiku ano ukatsegula tsamba limenelo umangopeza za ana a amapiano ndi mikangano yawo ya pa Facebook, nde kuona dzina la Mark Knopfler, mtsogoleri wa gululo, mu nyuzi ya Chichewa ndinasangalala osati masewera. Koma pamene mlembi wanuyo ananena kuti chimbale chawo chopambana ndi Brothers in Arms ndipo palibenso zokambirana, aaa pamenepo nde ayi. Zokambirana zilipo bambo.

Mfundo yawo yaikulu inali ya malonda, ati chimbalechi chinagulidwa makope opitilira 30 miliyoni. Izo nzoona sindikutsutsa. Koma tidzifunse kuti chinagulidwa choncho chifukwa chani. Chinatuluka mu 1985, nthawi yomwe CD inali chinthu chachilendo ku Ulaya ndi ku America, ndipo anachijambula ndi makina a digital ku AIR Studios pa chilumba cha Montserrat, mawu ake oyera bwino opanda kaphokoso kalikonse. Munthu akagula makina atsopano a CD ankafuna chimbale choti akaonetsere anzake kuti tamvani mmene zikumvekera, nde ambiri ankatola chimenechi, mpaka chinakhala choyamba kugulidwa makope 1 miliyoni pa CD. Kampani ya Philips yomwe inkapanga makinawo ndi yomwenso inathandiza ndi ndalama ulendo wawo wokaimba mmaiko. Kuonjezera apo panali vidiyo ya Money for Nothing ya zidole za pa kompyuta ija, MTV inkangoyibwereza usana ndi usiku, ndipo MTV ya ku Ulaya itatsegulidwa mu 1987 vidiyo yoyamba kuonetsa inali yomweyo. Tsono ife kuno zimenezo zinatikhudza pati? TV kuno inabwera mu 1999. CD mu 1985 ku Ntcheu kuno anali nayo ndani? Ife Dire Straits tinaidziwira pa wailesi imodzi yomwe ija ya MBC ndi pa makaseti omwe ankabwera ndi madala ochokera ku Joni ndi ku Harare, wina akakhala nayo nonse mumakajambulitsa kwa iyeyo. Nde ngati tikusankha, tisankhe ndi makutu athu, osati ndi malisiti a masitolo a ku London.

Ndipo amene anajambulitsapo pa C90 akudziwa chomwe ndikunena. Mbali imodzi ya kaseti imeneyo ndi mphindi 45, pomwe Brothers in Arms yathunthu ndi mphindi pafupifupi 55, nde nyimbo yomaliza, yomwe ndi yabwino kuposa zonse pa chimbalecho, ndi imene inkadukira panjira kapena kusowa kumene. Love over Gold ndi mphindi 41, inkalowa yonse mbali imodzi nkutsalako kamalo.

Sindikuti Brothers in Arms ndi yoipa ayi, ndisanamiziridwe. Nyimbo ya mutu wa chimbalecho ndi yolemera, Knopfler anailemba nthawi ya nkhondo ya ku Falklands ya 1982, ndipo ife a mmalire muno amene tinaona anthu akukhamukira kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambique cha mma 1986 kupita mtsogolo, katundu pamutu ana kumbuyo, gitala ya mu nyimbo imeneyo timaimva mwina mwake. Anaiimbanso pa bwalo la Wembley ku London mu June 1988 pa chikondwerero choti Nelson Mandela akukwanitsa zaka 70 chaka chimenecho iye akadali mndende, Eric Clapton atawathandiza pa gitala. Ulemu wake ndi umenewo. Why Worry nayo ndi yabwino, Your Latest Trick ndi lipenga lake lija palibe angaikane. Koma chimbale si nyimbo zitatu. Walk of Life ndi yovinira basi, yosangalatsa pa ukwati inde, moti ngakhale Neil Dorfsman amene ankathandizana ndi Knopfler pojambula sankafuna kuti ilowe nawo, anachita kugonja poti anzake anachuluka. One World ndani amaikumbuka? Ine ndikaifika ndimadumpha. Komanso ng'oma zambiri pa chimbale chimenechi sanaimbe woimba ng'oma wa gululo Terry Williams, anaitanitsa Omar Hakim kudzaimbanso mwachangu mmasiku ochepa, nde ukamamvetsera umamva kuti awa ndi akatswiri ali pa ntchito mu studio, zonse zili mmalo mwake, koma ka fungo ka bandi kaja kachepa.

Tsono Love over Gold ya 1982. Nyimbo zisanu zokha, a Mkonzi, zisanu basi. Gulu lomwe linali litatchuka kale, makampani akufuna tinyimbo ta mphindi zitatu toti tizimveka pa wailesi, iwo nkutsegula chimbale ndi Telegraph Road ya mphindi 14 ndi masekondi ake. Kulimba mtima kumeneko. Ndipo ichi chinali chimbale choyamba chomwe Knopfler anayendetsa yekha ntchito yojambula, ku Power Station ku New York, popanda wina womuuza kuti dula apa fupikitsa apo. Chodabwitsa nchoti chinafika pa nambala 1 ku Britain, chinthu chomwe zimbale zitatu zoyamba zija sizinachite.

Anthu ena amati nyimbo ya mphindi 14 ndi yotopetsa. Kwa azungu mwina, koma ife amene tinakulira rumba ya Franco ndi OK Jazz yake, nyimbo imodzi kudzadza mbali yonse ya rekodi, kutalika sikutiopsa, chomwe timafuna nchoti nyimboyo iziyenda, isaime malo amodzi. Telegraph Road imayenda. Imayamba ndi kamawu kakang'ono ka kiyibodi kochokera patali, kenako piyano ya Alan Clark, kenako gitala ya chitsulo ija, ng'oma zimachedwa kulowa ndipo zikalowa sizibwera ndi ukali, zimangokwera pang'onopang'ono. Nkhani yake Knopfler anaiganiza ali mu basi pa msewu wa dzina lomwelo kufupi ndi Detroit ku America. Munthu mmodzi afika pa tchire, atula katundu, amanga nyumba nkuyamba kulima. Ena amutsatira. Kenako matchalitchi, masukulu, malamulo ndi maloya ake, sitima, malole, migodi, tauni yakula. Ndiye nkhani imatembenuka, amene akuyankhula tsopano ndi munthu wa lero amene ntchito yamuthera, akufuna kugwira koma kulibe koti akagwire, akuyang'ana misewu yodzadza magalimoto ndi zitseko zotseka, nkumauza mkazi wake kuti tiye tichoke kuno. Mawu akatha gitala imatenga nkhaniyo kwa mphindi pafupifupi zisanu mpaka kumapeto, ikuthamanga ikukwera, ndipo palibe paliponse pomwe ungati apa akungotaya nthawi.

Ine ndimakhala mmbali mwa M1 ndipo nyimbo imeneyi sindichita kufuna wondimasulira. Imani pa Lizulu tsiku la msika muone. Msewu ndi umene unabweretsa zonsezi, magolosale, zigayo, ma rest house, mashedi a kachewere ndi kabichi, tsidya ili Malawi tsidya linalo Mozambique, malole a Lilongwe ndi Blantyre akupakira usiku wonse. Koma yang'anani amene akuthamangira mawindo a minibasi ndi mabeseni a tomato ndi karoti, ambiri ndi anyamata ndi atsikana oti MSCE yawo ili mu sutikesi kunyumba, ena ali pa kabaza, ena mawa lino akwera ya ku Joni. Msewu womwe unabweretsa chitukuko ndi womwenso ukuwatenga. Pa Tsangano turn off ndi chimodzimodzi, pa Kampepuza, pa Chimbiya uko ku Dedza. Mzungu wa ku Newcastle analemba za Detroit koma ukamvera uli pano umachita kuyang'ana panja. Money for Nothing imakamba za munthu wonyamula mafiriji mu sitolo akuchitira nsanje oimba a pa MTV, yoseketsa inde, koma ine imeneyo siindikhudza penapaliponse.

Ikatha imeneyo pamabwera Private Investigations, yomwe kunena zoona si nyimbo yoti ungaimbe nawo, Knopfler amangoyankhula chapansipansi ngati wapolisi wofufuza amene watopa ndi zomwe wapeza. Gitala ya nsambo za nayiloni, besi ya John Illsley ikugunda kamodzikamodzi ngati mtima, kenako marimba a Mike Mainieri, amene kwa ife amamveka ngati mangolongondo, nde mwadzidzidzi gitala ya magetsi imabwera ndi mkokomo nkuzimiriranso. Amene ali ndi sipika zabwino ayesere usiku. Chinthu chopanda kolasi, chopanda povinira, chinafika pa nambala 2 ku Britain. Ndiye wina aziti anthu amangofuna zophweka?

Mbali yachiwiri ndivomere kuti siifika pa yoyambayo, koma palibe yotaya. Industrial Disease ndi yachipongwe, ikuseka mafakitale akugwa, masitalaka, madokotala ndi andale onse pamodzi, ndipo kumbukirani kuti chaka chimenecho anthu osowa ntchito ku Britain anapitilira 3 miliyoni mu ulamuliro wa Margaret Thatcher, nde sizinali nthabwala chabe. Love over Gold yeniyeniyo ndi yofatsa, ya piyano ndi gitala youma. It Never Rains imatseka ndi ukali pang'ono. Ndipo taonani kuchuluka kwa zinthu zomwe Knopfler anali nazo nthawi imeneyo, Private Dancer anailembera chimbale chomwechi nkuona kuti mawu ake sakuyenera kuimbidwa ndi mwamuna, anaisiya, Tina Turner nkuitenga mu 1984 nkukhala mutu wa chimbale chomwe chinamudzutsanso. Nyimbo yotsala pa Love over Gold inakakweza munthu wina.

Chinanso chomwe mlembi wanu sanatchule nkomwe ndi Pick Withers. Ameneyu ndiye anali woimba ng'oma kuyambira pomwe gululi linayamba ku Deptford mu London mu 1977, dzanja lake lopepuka, la jazz, samenya ngati akulimbana ndi ng'omayo. Knopfler paja saimba ndi kapulasitiki kokhwatchira nsambo kaja, amatola ndi zala, chimodzimodzi mmene ankachitira malemu Daniel Kachamba akakhala yekha ndi gitala yake, nde kaimbidwe kotero kamafuna woimba ng'oma wodziwa kusiya mpata. Withers ankadziwa. Love over Gold ndi chimbale chake chomaliza, atangomaliza kujambula anachoka, ndipo kwa ine kuchokera pamenepo mawu a Dire Straits anasintha, anakula koma anauma.

Zimbale zinazo ndingodutsamo. Choyamba cha 1978 chili ndi Sultans of Swing, nyimbo yomwe woulutsa mawu Charlie Gillett anayamba kuiika pa BBC Radio London ikadali demo, ndipo amene angasankhe chimenechi sindingakangane naye kwambiri, ndi anyamata anayi opanda ndalama akuimba zomwe amadziwa. Communiqué ya 1979 anaijambula ku Bahamas mothamanga, ili ngati mng'ono wake wa choyambacho, Lady Writer ndi Once Upon a Time in the West ndi zabwino koma zatsopano mulibe. On Every Street ya 1991 ili ndi ka country kambiri chifukwa cha steel guitar ya Paul Franklin, nde a Malawi okonda Don Williams mwina ingawakomere, ine ndimaona kuti apa Knopfler mtima unali utachoka kale ku gululo, ndipo mu 1995 linathadi.

Chomwe chimandivutitsa mutu ndi Making Movies ya 1980, apa pokha ndimagwedezeka. Tunnel of Love, Romeo and Juliet, Skateaway motsatizana chonchi, ndi piyano ya Roy Bittan wa gulu la Bruce Springsteen, eee mbali yoyamba imeneyo ndi moto. Anaijambula pomwe Mark ndi mng'ono wake David anali atasemphana mpaka David kuchoka ntchito ili mkati, koma pa nyimbo sungadziwe. Vuto ndi mathero ake, Les Boys, kanyimbo kopanda pake komwe kamangoononga zonse zomwe zamangidwa. Chimbale cha nyimbo zisanu ndi ziwiri sichingakhale ndi imodzi yotaya, makamaka yomaliza. Mnzanga wina wa ku Bembeke amene timakangana naye za izi amati ndimachita dala kuikokomeza Les Boys kuti Love over Gold ipambane, kaya, koma naye akafika pamenepo amatembenuza kaseti.

Ndikudziwa wina alemba kuti nanga Alchemy, chimbale chawo chojambulidwa akuimba pamaso pa anthu, bwanji. Ma live sindiwerengera pa mpikisano uwu, koma amene angaitchule akundithandiza ine. Anaijambula ku Hammersmith Odeon mu July 1983 pa ulendo wa Love over Gold womwewo, inatuluka mu 1984, Telegraph Road ndi Private Investigations zilimo, Sultans of Swing ya mphindi zopitilira 10 ilimo, ndipo mulibe nyimbo ngakhale imodzi ya pa Brothers in Arms poti inali isanabadwe. Mlembi wanuyo akaimvere imeneyo kaye yonse, osadumpha, kenako atilemberenso.

Ndine wanu wowerenga,
Mkulu wa makaseti,
Lizulu, Ntcheu