Lipoti la msonkhano wa magulu a zisudzo: gawo la Tatsuya Nakadai

A Tcheyamani ndi mamembala nonse,

Mudandituma kuti ndikakuimirireni kumsonkhano uja. Za ndalama ndi za malo ochitira masewero ndidzafotokoza pakamwa tikakumana. Pano ndilemba za gawo lamasana, pomwe tidaphunzira ntchito ya Tatsuya Nakadai, katswiri wosewera zisudzo ndi mafilimu wa ku Japan yemwe adabadwira ku Tokyo mu 1932 n'kumwalira mu Novembala 2025.

Nakadai adalowa sukulu ya zisudzo ya Haiyuza mu 1952. Mufilimu ya Seven Samurai ya 1954 amaoneka masekondi ochepa chabe, akungodutsa mumsewu, osayankhula kanthu. Komatu Akira Kurosawa, wotsogolera filimuyo, adamubwereza kuyendako kwa maola ambiri, ati sankayenda ngati munthu wozolowera lupanga. Wotiphunzitsa adaimitsa kanemayo, n'kutipatsa mpini wa tsache kuti aliyense ausomeke m'chiuno adutse muholo. Ambiri tinkagwedera mapewa, mpini n'kumamenya mipando. Kuseka kunalipo, koma tidaona kuti munthu amadziwika ndi mapazi asanatsegule pakamwa.

Amene adamukweza kwenikweni Nakadai ndi Masaki Kobayashi, wotsogolera mafilimu wina. Adamupatsa gawo la Kaji mu The Human Condition, filimu ya zigawo zitatu yomwe idatuluka pakati pa 1959 ndi 1961, yotalika maola oposa 9. Kaji ndi kapitawo wa pamgodi ku Manchuria, dera la kumpoto chakum'mawa kwa China, amene pambuyo pake amutengera kunkhondo. Imeneyi tidangoionera pang'ono.

Nthawi yambiri idathera pa Harakiri ya 1962. Nakadai anali asanakwanitse zaka 30, koma akusewera samurai (msilikali wa lupanga wa ku Japan wakale) wosauka wokhala ndi mdzukulu. Mbali yaikulu ya filimuyi wangokhala pansi pabwalo, adani atamuzungulira, iye akusimba nkhani yake pang'onopang'ono ndi mawu apansi, thupi lili zii. Muholo monse mudangoti chete.

Kurosawa uja adadzamufunanso: mnyamata wa mfuti mu Yojimbo, magawo awiri mu Kagemusha ya 1980, kenako Hidetora mu Ran ya 1985, mfumu yokalamba yogawira ana ake aamuna atatu dziko. Pamene akutsika masitepe nyumba yachifumu ikuyaka, motowo unali weniweni, kotero panalibe zobwereza.

Apa mpamene padabuka mtsutso. Ena adati Nakadai amawonjeza, maso amatuzula kwambiri ngati ali pasiteji. Ine ndidakana. Zoona, ndi munthu wa pasiteji, ndipo sadaisiye moyo wake wonse. Sadafunenso kudzimangirira ku kampani imodzi ya mafilimu, n'chifukwa chake adagwira ntchito ndi otsogolera osiyanasiyana. Koma amene amawonjeza sangakhale duu ngati mmene adakhalira mu Harakiri. Mu 1975 iye ndi mkazi wake Yasuko Miyazaki adatsegula sukulu ya zisudzo ya Mumeijuku, komwe kudachokera Koji Yakusho, amene adapambana mphoto ya wosewera bwino pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2023.

Ndikupempha gulu livomereze kuti tsiku lililonse lokonzekera tiziyamba ndi mphindi khumi zongoyenda, aliyense m'gawo lake, osayankhula. Ndikupemphanso kuti tidzaonere limodzi Harakiri yonse. Mawu omasulira olembedwa pansi pa kanemayo ndi a Chingerezi, choncho pafunika wotanthauzira, komanso a Mlembi atifunsireko pulojekita.

Ine nthumwi yanu.