Dandaulo pa ntchito yokonza zotenthetsera m'galimoto yanga ya Volkswagen Beetle

Kwa Woyang'anira Galaji,
Blantyre.

Bwana,

Ndikudandaula ndi ntchito imene amakaniko anu anagwira pa galimoto yanga ya Volkswagen Beetle ya 1971, imene inakhala pagalaji panu sabata zitatu m'mwezi wa Meyi. Ndinalipira ndalama zonse zolembedwa pa lisiti kuti mukonze zotenthetsera m'kati, koma galimotoyo yabwerako ndi vuto loposa limene inapita nalo.

Monga mukudziwa, injini yake ili kumbuyo ndipo ilibe lediyeta, choncho kutentha kumachokera m'mabokosi awiri achitsulo amene anakuta mapaipi a ekizozi. Fani imakankhira mpweya wabwino m'mabokosimo kuti utenthedwe popanda kusakanikirana ndi utsi, kenaka mpweyawo umadutsa m'ngalande za m'munsi mwa zitseko mpaka kumapazi ndi kugalasi lakutsogolo. Tsiku lopereka makiyi ndinakuonetsani ndekha kuti bokosi lakumanzere linadyeka ndi dzimbiri, ndipo tinagwirizana kuti muikepo lina. Dzulo ndinalowa pansi pa galimoto ndi tochi, n'kupeza bokosi lomwe lija, mabowo ake atangomatidwa ndi phala n'kupakidwa penti yasiliva, phalalo litayamba kale kung'aluka ngati dothi la m'chilimwe.

Chimene chinandilowetsa pansipo ndi ulendo wa Loweruka lapitali. Ndikuchokera ku Thyolo m'chiperoni, galasi linachita nthunzi, ndiye ndinakoka kandodo kakumanja kapafupi ndi handibuleki, kamene kamatsegula mpweya wotentha. Posakhalitsa m'galimoto monse munadzaza fungo la utsi, ndipo tisanafike ku Bvumbwe mdzukulu wanga anayamba kudandaula mutu. Tinamaliza ulendowo mawindo ali otsegula, mvula yowaza ikutinyowetsa, dzanja limodzi lili pachiwongolero, lina likupukuta galasi ndi kansalu. Mu utsi wa ekizozi mumakhala carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umagonetsa munthu n'kumupha, ndipo makaniko aliyense amene anagwirapo galimoto ya mtundu umenewu amadziwa kuti bokosi lobooka silimatidwa.

Kandodo kakumanzere nako kakungogwedera, chifukwa waya wake sanamangidwe.

Ndikudziwa kuti fakitale ya Volkswagen ya ku Uitenhage, ku South Africa, inasiya kupanga galimotozi mu 1979, komabe zipangizo zake zimapezeka ku South Africa mpaka lero. Mukanandiuza kuti bokosilo lavuta kupeza, ndikanadikira popanda kunyinyirika, kusiyana n'kundilipiritsa chitsulo chimene simunagule.

Ndikupempha kuti pasanathe masiku 14 muike bokosi latsopano ndi kumanga waya wotsalayo popanda kundilipiritsanso, ndipo lakalelo mundipatse m'manja kuti nditsimikize kuti lachokadi. Zikapanda kutero, mundibwezere ndalama zanga zonse, apo ayi nkhaniyi ndikaitula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, pamodzi ndi lisiti komanso zithunzi zimene ndajambula.

Ine wodandaula,
Mwini galimoto.