Aise, g4 yandidanitsa ndi anthu

Aise,

Kalata yako yafika, koma za chess sunatchulemo n'kamodzi komwe. Kodi ku Johannesburg bolodi unagulitsa?

Kuno ku Kasungu nkhani ndi g4 basi. Ndikagwira zoyera ndikumayamba n'kukankha pawn, kamsilikali kakang'ono kaja, kuchoka pa bokosi la g2 mpaka la g4, kenako bishop pa g2. Amati Grob, dzina la Henri Grob wa ku Switzerland. Atelala aja amangoseka, n'kuika d5, bishop wawo n'kudya pawn yangayo poyesa ndi yaulere. Ine c4. Akatchinga ndi c6 timadyerana pa d5, ndiye queen wanga pa b3, waloza b7 ndi d5 nthawi imodzi, pomwe bishop amene amalondera b7 ali kutali kokadya za eni. Ukanaona! Anavula magalasi, kupukuta ndi kansalu ka pamakina, kuvalanso, bolodi osasintha.

Aphunzitsi a masamu akuti amenewa ndi masewero a kumowa, ati mfumu yanga ndikuivula ndekha. Sakunama kwenikweni. Iwo pawn ija sadya, amaika c6 msangamsanga, bishop wanga n'kumangoyang'ana khoma. Nditawauza kuti Michael Basman wa ku England anagonjetsa nayo katswiri John Nunn mu 1978, anati ine si Basman. Moni wawo masiku ano ndi wa m'mphuno.

Ndiye mwana wa mlongo wako watengera. Iye g4, mnzake e5, iye f3, queen wa mnzake pa h4, zatha, atangosuntha kawiri! Analira mpaka kunyumba. Mayi ake akuti ndikuwaonongera mwana, ndipo mmene nkhaniyi ikuyendera ndiona ngati ifika kwa amfumu.

Fodya tinagulitsa ku Chinkhoma, mtengo usafunse. Agogo anagonekedwa kuchipatala, anatuluka, koma akudya pang'ono. Knight mmodzi woyera anasowa, tikuika chitsekerero cha botolo, ndipo atelala akapanikizika amakana kuti chitsekerero sichidumpha.

Kunena zoona, kupambanaku sikukundikoma. Iwe g4 imeneyi ukanaipezera mankhwala tsiku lomwelo, n'kundiseka mwezi wathunthu. Chichokereni iwe, pakhonde paja anthu amabalalika dzuwa lisanalowe.

Pepala latha. Poyankha undiuze, ndikaika c4 wakuda n'kudya pawn imeneyo, bishop wanga n'kudya b7, rook wa pa a8 uja ndimutenge, kapena