Opita kukaona zakale ku Dedza akonzekere, ndipo asiye kugwira zojambula za ku Chongoni

Mkonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi anzathu a mu Lilongwe amene amafuna kutuluka mu mzinda Loweruka kapena pa holide, makamaka aphunzitsi otenga ana a sukulu ndi atsogoleri a magulu a ku mpingo. Ambiri akafuna kukapitidwa mphepo maganizo amathamangira kunyanja ku Salima, ndipo palibe cholakwa. Koma kum'mwera kwa likululi, m'njira ya ku Dedza, kuli malo a mbiri yakale amene munthu angathe kukawaona n'kubwerako tsiku lomwelo. Chotidandaulitsa n'chakuti maulendo ambiri opita kumeneko amalephereka chifukwa chosakonzekera, ndipo ena mwa amene amafikako amasiya ataononga zomwe anapitira.

Tiyambe ndi Chongoni, poti ndiko kuli nkhawa yathu yaikulu. M'mapiri ozungulira nkhalango ya Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira ndiye zakale kwambiri, za Abatwa, amene makolo athu ankawatcha Akafula kapena Amwandionerapati, ndipo zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi zala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zina mwa zoyerazi ndi za chinamwali cha atsikana, zooneka ngati nyama yotambasula miyendo ukamaiyang'ana uli pamwamba pake, ndipo zina ndi za Nyau, monga kasiyamaliro. Malo amene alendo amafikako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Musayese kuona malo atatu onsewa pa tsiku limodzi. Sali pamodzi ngati zipinda za nyumba imodzi. Pakati pake pali misewu yafumbi, ndipo galimoto ikaima pamatsala kukwera phiri wapansi. Kuchokera mu Lilongwe kukafika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, kudzera pa Nathenje, Kamphata ndi Chimbiya. Pa galimoto yaing'ono werengerani ola limodzi ndi theka, koma likakhala tsiku la msika pa malo amalondawa onjezerani mphindi 30. Nyamukani 6 koloko m'mawa kuti muyambe kukwera isanakwane 9 koloko, dzuwa lisanalimbe. Sankhani malo amodzi, awiri akachuluka. Amene ali ndi ana aang'ono kapena okalamba asankhe Chentcherere. Ofuna kuona zojambula zambiri, zofiira ndi zoyera, apite ku Mphunzi, koma adziwe kuti msewu wake wafumbi ndi wautali ndithu.

Mafuta muwerengere chonchi. Kupita ndi kubwera pa tala ndi makilomita 170, muonjezepo 60 a misewu yafumbi ndi kusochera pang'ono, akwane 230. Galimoto yomwa malita 8 pa makilomita 100 idzafuna malita pafupifupi 19, koma thirani 25 chifukwa m'fumbi mumayenda ndi magiya aang'ono ndipo injini imamwa kwambiri. Minibasi yodzaza anthu ithiridwe osachepera 35. Thirani mafuta onsewa musanachoke mu Lilongwe, musadalire kuti mukawapeza m'njira. Onani tayala lapadera ngati lili ndi mpweya, jeke ndi sipanala zikhalemo, ndipo mapepala a galimoto akhale okwana chifukwa pa M1 pali marodibuloko.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Kuyambira Disembala mpaka Epulo misewu ya kumidzi imaterera, galimoto zotsika zimatitimira, ndipo udzu umatalika n'kutseka tinjira. Miyala ya m'mapiriwa ikanyowa imaterera koopsa. Mu Juni ndi Julaye ku Dedza kumazizira kuposa mu Lilongwe, poti tauniyi ili pamwamba kwambiri ndipo phiri la Dedza limafika mamita 2,198, choncho ana asapite opanda majuzi. M'miyezi imeneyi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndiye ikamakwana 3 koloko masana gulu likhale litatsika phiri. M1 usiku ili ndi njinga zopanda magetsi, ngolo ndi anthu oyenda m'mbali, si msewu woyendapo ndi ana kutada. Mu Okutobala vuto ndi kutentha ndi moto wolusa m'tchire.

Munthu aliyense atenge madzi akumwa malita awiri, nsapato zomanga zingwe zogwira pamwala, ndi chipewa. Masilipasi ndi nsapato za ku ofesi ndizo zimabzyungunyutsa anthu mapazi potsika. Kumapiriko kulibe golosale, chakudya chichoke kunyumba, ndipo mapepala apulasitiki ndi mabotolo abwerere m'galimoto. M'mapanga ena mumakhala njuchi. Mukamva kulira kwake musafuule kapena kuponya miyala, bwererani mwakachetechete. Mphunzitsi afunse asananyamuke ngati pali mwana amene amatupa kwambiri akalumidwa ndi njuchi kapena wodwala mphumu. Pa ana khumi aliwonse pakhale wamkulu mmodzi, wina patsogolo, wina kumbuyo.

Musapite nokha opanda wokuperekezani. Mapangawa sawoneka muli pamsewu, ndipo wina akhoza kudutsa pafupi penipeni osadziwa. Funsani ku ofesi ya boma yoona za zinthu zakale mu Lilongwe, kapena ku ofesi za boma ku Dedza, patatsala sabata imodzi, kuti akuuzeni wokumana naye. Mukafika pamudzi lonjerani amfumu kaye. Gwirizanani za ndalama ya woperekeza musanayambe kukwera, chifukwa mikangano yambiri imabuka potsika pamene wina amayembekeza zambiri, wina anakonza zochepa. Tengani ndalama zamanja, zosinthasintha, poti netiweki ya foni kumeneko imavuta.

Tsopano za khalidwe la m'phangamo, zomwe tikupempha kuti muwerengere gulu lonse musanatsike m'galimoto.

Musagwire chojambula, ngakhale ndi nsonga ya chala. Thukuta lili ndi mchere ndi mafuta, ndipo manja mazanamazana akagwira malo amodzi pamatsala chidetso chonyezimira chimene sichichoka. Dothi loyera la zojambula za Achewa linangomata pamwamba pa mwala, limayoyoka likangokhudzidwa. Musathire madzi kapena zakumwa pa chojambula pofuna kuti chioneke bwino pa foni. N'zoona kuti mtundu umaonekera bwino kwa mphindi zochepa, koma madziwo amasungunula dothi, amalowa m'ming'alu, ndipo pouma amatulutsa mchere wa m'mwala umene umatukula utoto n'kuugwetsa timapalemapale. Mukafuna chithunzi chabwino imani chapambali, dikirani maso azolowere mthunzi, ndipo jambulani m'mawa.

Musalembe dzina lanu, la sukulu yanu kapena vesi ya m'Baibulo pamwalapo, kaya ndi khala, choko kapena penti. Tikunena izi chifukwa m'mapanga ofikika mosavuta muli kale maina olembedwa pamwamba penipeni pa zojambula zimene zinapirira mvula ndi dzuwa kwa zaka mazana ambiri. Mukapeza zolembedwa zotere musazikhule ndi nsanza kapena mchenga, ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa pokhulapo mumachotsa ndi chojambula chomwe. Jambulani chithunzi, mukauze a ofesi. Musakoleze moto m'phanga, kaya wophikira kapena wa mapemphero a usiku, poti mwaye umakuta zojambula ndipo kutentha kumasendula mwala. Musatole mapale, timiyala tosongoka kapena mafupa a pansipo. Ku Chentcherere akatswiri, motsogozedwa ndi Desmond Clark, anakumbako m'zaka za m'ma 1970 ndipo anaphunzira za moyo wa anthu akale kuchokera pa tinthu tating'ono totere. Kanthu kakachotsedwa pamalo pake sikauzanso aliyense kalikonse. Lowani m'phanga anthu osapitirira khumi nthawi imodzi, ndipo ana asathamange, chifukwa fumbi la kumapazi limakamata pa zojambula.

Palinso za ulemu. Zojambula zoyerazi si za anthu osadziwika amene anatha. Zidzukulu za amene anazijambula zili m'midzi yomweyo, ndipo chinamwali ndi Gule Wamkulu zikuchitikabe. Woperekeza akakufotokozerani n'kulekeza penapake, musamukakamize, pali zina zimene ndi za anamkungwi ndi olowa okha. Musalowe m'nkhalango ya manda pofuna mthunzi kapena podzithandizira. Mukakumana ndi gule m'njira patukani, musamuseke, musamujambule musanapemphe kwa omuperekeza. Gule Wamkulu naye UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma eni ake akadali Achewa a m'midzimo, ndipo malamulo ake ndi awo.

Pobwerera mudzaona matumba a makala m'mbali mwa msewu. Ife tikuti musagule. Mitengo ya m'mapiri imatchinga mapanga ku dzuwa, mphepo ndi mvula yowomba, ndipo ikatha zojambula zimayamba kufufuma. Ngati mukufuna kusiya ndalama m'dera, gulani mbatatesi, kabichi ndi tomato, kapena dzerani ku Dedza Pottery mukaone oumba makapu ndi mbale akugwira ntchito, mumwe tiyi. Ola limodzi likwana.

Ku Mua ndi ulendo wa tsiku lakelake, usaphatikizidwe ndi Chongoni. Mishoni ya Mua anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, amene anthu ankawatcha Achisale, anatsegula malo a chikhalidwe ndi zaluso a Kungoni. Kumeneko kuli nyumba yosungira zakale ya Chamare, ya zipinda zitatu: china cha mbiri ya mishoni, china cha zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, china cha Angoni ndi Ayao. Kuti mumve bwino zomwe wofotokozera akunena pamafunika maola awiri kapena atatu, osati kungodutsa. Funsani kaye musanajambule m'katimo. Gulu lalikulu lidziwitse eni malo pasadakhale, makamaka ngati likufuna chakudya kapena magule. Aphunzitsi a mbiri akumbutse ana kuti chigwa cha Mtakataka chomwechi ndiko kunali Mankhamba, likulu la a Kalonga a Maravi.

Njira yachidule ya ku Mua ndi yodzera ku Dedza, kukhotera kumanzere pa Masasa, kutsika phiri mpaka pa Golomoti, kenako kulowera kumpoto pa M5. Ndi makilomita pafupifupi 150 kupita kokha, maola osachepera awiri ndi theka, malita 30 pa galimoto yaing'ono kupita ndi kubwera. Chitsikotsiko cha Khwekhwerere ndi chokongola koma chili ndi makona akuthwa otsatizana, ndipo apa dalaivala asachite chibwana. Amene amatsika ndi giya yaikulu phazi lili pa buleki njira yonse amatenthetsa mabuleki, mafuta ake amawira, ndipo pofika pa kona ina phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Tsikani ndi giya 2, injini izigwira galimoto, buleki muziponda modukizadukiza. Galimoto yosintha yokha magiya muiike pa L kapena 2. Mukamva fungo la kupserera imani pamalo otakasuka kwa mphindi 20, musathire madzi pa mabuleki otentha. Pokwera pobwerera vuto ndi injini kutentha, choncho onani madzi m'mawa galimoto isanalizidwe, ndipo musatsegule chivundikiro cha redieta ili yotentha. Minibasi yodzaza imene mabuleki ake ndi okayikitsa idzere ku Salima, ngakhale kuti njirayo ndi yotalikirapo.

Amene ali ndi theka la tsiku lokha apite ku Nkhoma, makilomita pafupifupi 50, kukhotera kumanzere pa Kamphata. Amishoni a Dutch Reformed anakhazikika kumeneko mu 1896, m'dera la Mfumu Mazengera, nthawi imene anthu ankabisala m'phirimo poopa nkhondo za Angoni. M'busa William Murray wa mishoni yomweyi ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo lathu limene linatuluka mu 1922. Nyumba zakale zanjerwa zikadalipo. Kukwera phiri la Nkhoma kumatenga maola awiri kapena atatu, ndipo chakumapeto kwake n'kogwira ndi manja, kotero ana ochepera zaka khumi athere pakati. Kumbukirani kuti pamalopo pali chipatala, musaimbe nyimbo za m'galimoto mokweza kapena kujambula odwala.

Opanda galimoto akhoza kukwera minibasi ya ku Dedza kapena ku Nkhoma pa depoti, koma adziwe kuti minibasi imanyamuka ikadzaza ndipo imaima paliponse, ndiye ulendo wa ola ndi theka umatha maola awiri ndi theka. Kuchokera pa tala kupita ku mapanga mudzafuna kabaza wa njinga yamoto. Gwirizanani naye mtengo wa kupita, kudikira ndi kubwera, mutenge nambala yake, ndipo theka la ndalama mumupatse akakubwezerani pamsewu.

Pomaliza tikupempha khonsolo ya Dedza ndi nthambi yoona za zinthu zakale kuti pa mphambano iliyonse yochoka pa M1 kupita ku mapangawa paikidwe chikwangwani chooneka bwino cha Chichewa ndi Chingerezi, chonena mtunda, nambala ya foni ya woperekeza ndi mtengo wokhazikika wokhala ndi risiti. Pakhomo pa phanga lililonse lotsegulidwa pakhale malamulo olembedwa m'Chichewa ndi chingwe kapena mzere wa miyala wosonyeza polekezera mapazi, mita imodzi kuchokera pa zojambula. Gawo la ndalama zolowera lizipita ku midzi yoyandikana ndi mapanga, chifukwa anthu a m'midzimo ndi amene amakhalapo tsiku ndi tsiku ndipo ndi amene angaletse wolemba ndi khala kapena wokoleza moto. Sukulu iliyonse yopempha chilolezo chopita ku Chongoni izipatsidwa malamulowa pa pepala, mphunzitsi wamkulu asaine, ana asanakwere basi.

Ndife owerenga anu,
ku Dedza ndi ku Lilongwe