Filimu yomwe ndinasewera yaimitsa chinkhoswe changa

Azakhali,

Ndine mtsikana wa pa boma pa Kasungu, ndili ndi kasaluni kanga komwe ndimapezerako ya sopo. Ndithandizeni nzeru, chifukwa nkhani yomwe tinaiyamba ngati chibwana pano yafika m'manja mwa ankhoswe.

Ndili ndi msuweni wanga amene amakonza mafoni ndi kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi. Zamafilimu zinamulowa m'magazi pamene alendo anabwera ndi makamera ku Wimbe kuno kudzajambula nkhani ya William Kamkwamba, filimu ija inatuluka mu 2019. Chichokereni nthawi imeneyo nyimbo yake ndi imodzi, yoti filimu imalira mutu osati ndalama. Akayamba kukuwerengerani zitsanzo, mutha kuluka munthu mutu wonse iye asanamalize. Amati ku Wakaliga mumzinda wa Kampala, Isaac Nabwana anapanga Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zosafika madola 200, koma inaoneredwa mpaka kunja. Amati Nollywood timaigomerayi inaphukira pa Living in Bondage ya 1992, yojambulidwa pa tepi ya vidiyo wamba. Ndiye amamaliza ndi kuti mafilimu oopsa ndiwo otchipa kuposa onse chifukwa mdima sagula, ndipo The Blair Witch Project ya 1999, ya achinyamata atatu ongosochera m'nkhalango, inalowetsa pafupifupi madola 250 miliyoni.

Anandinyengerera mpaka ndinalola kusewera, ndipo nkhaniyo tinaluka limodzi. Ndi ya mwana wamkazi wa tenanti pa esiteti ya fodya, amene kapitawo ndi anzake awiri anamuchita chipongwe m'chigafa. Mlandu utapita kwa akuluakulu, iwo anagamula kuti kapitawo apereke mbuzi, nkhani ithere pomwepo. Mtsikanayo ndiye anayamba kuwasaka usiku mmodzimmodzi ndi chikwanje. Za mbuzizo ndinaikamo ndine, chifukwa ndi zimene ndimamva anthu akakhala pa mpando wanga: mlandu wofunika kupolisi n'kuthera pansi pa mtengo, mwana wa eni ake akuuzidwa kuti asachititse manyazi mudzi.

Tinajambula ndi mafoni, kuwala kwake tochi ya sola ndi nyali ya njinga yamoto ya mnyamata wa kabaza. Magazi anali madzi a chidede osakaniza ndi shuga wosungunula, moti nyerere zinatidya kokwana. Matumbo tinagula kwa bambo wina wa chiwaya. Pa gawo la m'chigafa ndinakaniratu zovula. Kamera imangoonetsa chitseko chikutsekedwa, mapazi a anthu, ndi nkhope yanga ndikukuwa, ndipo sipatenga nthawi.

Filimuyo itafalikira, aliyense anaiona ndi maso akeake. Ena amangoseka. Amati tambala akumveka akulira pamene tikunena kuti ndi pakati pa usiku, mtembo wa kapitawo ukuoneka ukupuma, ndipo mthunzi wa wojambula uli pakhoma. Amenewo sandiwawa, nanenso ndimaseka nawo.

Amayi ambiri ndiye anaikonda mondidabwitsa. Mayi wina wamkulu ndithu, ndikumumanga mesh, anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, pamene unamupeza kapitawo uja kudimba, mtima wanga unakhala m'malo." Sananene zambiri ndipo ine sindinafunse. Pa chifukwa cha mayi ameneyu ndimalephera kunena kuti tinapanga chinthu chopanda pake.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi zimene ndinaona nditapita ndekha ku vidiyo shoo ina, nditafunda chitenje kumutu kuti asandidziwe. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo. Munali mothithikana, ndipo pansi kutsogolo kunakhala tiana tina tili m'yunifolomu ya sukulu. Pofika pa chitseko cha chigafa chija, anyamata anayamba kuimba malikhweru, wina n'kukuwa kuti, "Bwezera pamenepo, mwini wake!" Mwini shooyo anabwezadi. Bambo wina pafupi nane anati, "Amadzimva kwambiri ameneyu, akhaule." Ndinkayembekeza kuti pofika pobwezera anthu omwewa azizidwa nkhongono, koma ayi, anakuwa mofanana, kuombera m'manja chikwanje chikugwira ntchito. Kwa iwo panalibe kusiyana pakati pa wolakwiridwa ndi wolakwa, bola wina akulira.

Nditamuuza msuweni wanga, anaseka n'kunena kuti zimenezi sizinayambire ku Kasungu. Anandifotokozera za filimu ya ku America ya 1978, I Spit on Your Grave, yomwe nkhani yake ikufanako ndi yathuyi. Mwini wake, Meir Zarchi, anaitcha kaye Day of the Woman, ndipo ankanena kuti maganizo anamubwerera atathandiza mtsikana wina wogwiriridwa ku New York. Koma Roger Ebert, mtolankhani wa ku Chicago wodziwika pa zounika mafilimu, ataionera mu 1980 analemba kuti amuna ena muholoyo ankachemerera ogwirirawo, ndipo pa nyenyezi zomwe ankapereka posonyeza ubwino wa filimu, iye anaimana ngakhale imodzi. Ku Britain inaikidwa pa mndandanda wa mavidiyo oletsedwa m'zaka za m'ma 1980. Chikhalirecho anthu akuigulabe, inapangidwanso kachiwiri mu 2010, ndipo alipo ena amene amaiikira kumbuyo kuti ili mbali ya amayi. Msuweni wangayo pa nkhani yonseyi anatolapo kuti phokoso ndiye msika. Ine ndinatolapo zina. Ngati patatha zaka zoposa 40 amuna akuchemererabe malo omwewo, ndiye kuti vuto si anyamata a kwathu okha, lilinso m'kapangidwe ka mafilimu oterewa. Umati ukudzudzula nkhanza, koma kuti udzudzule uyenera kuzionetsa, ndipo pali anthu amene amalipirira pakhomo kudzaona zomwezo.

Akutchalitchi nawo ali ndi mbali yawo. Mkulu wa mpingo wina anandiitana, mwaulemu ndithu, n'kundifunsa chifukwa chake mtsikana wa m'filimuyo sanapite ku Victim Support Unit kupolisi. Anati m'dziko muno momwe agogo amaphedwa ndi chigulu pongowaganizira ufiti, si nzeru kuphunzitsa ana kuti chilungamo chili pa chikwanje. Ndinawayankha kuti filimu ikuonetsa zomwe zimachitika akuluakulu akagulitsa mlandu ndi mbuzi, osati zomwe munthu ayenera kuchita. Anangopukusa mutu n'kundifunsa ngati tiana tokhala pansi tija timatha kusiyanitsa zimenezo. Pamenepo ndinalibe yankho.

Tsopano pali wina amene anadula kagawo ka m'chigafa kokhako n'kuyamba kukatumiza pa WhatsApp, opanda chiyambi, opanda mathero. Kafika mpaka pa foni ya mayi a chibwenzi changa. Iwo sadziwa za kamera kapena za chidede, akungoti mkazi wanji wolola kutsekeredwa m'chigafa ndi amuna atatu dziko lonse likuona. Ankhoswe a kuchimuna atumiza mawu kwa amalume anga kuti chinkhoswe chidikire kaye. Mnyamata wodzandikwatirayo analipo tsiku lomwe tinkajambula gawolo, ndiye ankagwira tochi, koma pamaso pa mayi ake wangoti duu. Kwa ine amati ndipirire zipita. Pamsika ndikamadutsa, anyamata ena amandiitana ndi dzina la m'filimu, ena amachita kutsanzira kukuwa kuja. Makasitomala sanachepe, mwina achita kuchuluka, koma ena ndimaona kuti abwera kudzandiyang'ana nkhope.

Pamwamba pa zonsezi msuweni wanga akufuna gawo lachiwiri. Wapeza wamalonda wina amene walonjeza kuikapo ndalama zogulira maikolofoni ndi magetsi enieni, koma akuti magazi achuluke ndipo za m'chigafa zitalike chifukwa ndi zomwe anthu akufuna. Nditakana, anayamba kundinena kuti ndikumutayitsa mwayi, kuti popanda nkhope yanga filimuyo siyenda, ndi kuti pachibale sitichitirana chonchi. Mayi anga ndi bambo ake ndi a bere limodzi, ndiye mukudziwa m'mene nkhani zotere zimakhalira, zafika kale kumudzi. Komanso sitinalemberane kanthu. Sindinasaine pepala lililonse lonena kuti nkhope yanga aziigwiritsa ntchito motani, ndipo ndalama yomwe ndinaionapo ndi yogulira mafuta odzola basi. Ndamvanso kuti lamulo la 1968 limafuna kuti filimu yoonetsedwa pagulu iyambe yadzera ku Censorship Board kuti aione ndi kunena msinkhu wa oyenera kuionera. Ifeyo sitinapiteko, ndipo ndikuopa kuti zikavuta, woyamba kulozedwa chala ndi amene nkhope yake ili poyera.

Azakhali, kusewera ndimakukonda, ndinayambira m'masewero a kusukulu, ndipo sindikufuna kukusiya chifukwa cha malikhweru a anyamata. Kodi ndili ndi mphamvu youza msuweni wanga kuti achotse gawo la m'chigafa m'filimu yoyambayo, ngakhale kuti yafalikira kale? Ndikalola gawo lachiwiri pokhapokha nkhaniyo ikathere kukhothi osati pa chikwanje, ndikhala ndakonza zinthu kapena ndikungodzinamiza? Nanga amene akutumiza kagawo kaja ndingakawadandaule kuti?

Ndipo za mnyamatayu mundiuze mosabisa. Ndipite ndi amalume kukafotokoza kwa mayi ake ndekha, kapena ndidikire kuti iye amene anagwira tochi ayambe walankhula?

Ine wothedwa nzeru,
Kasungu