Kumanja kwa yani, mwana wanga?

Wokondedwa mwana wanga,

Uthenga wako uja ndauwerenga kawiri, ndipo ndaseka ndekhandekha. Ukuti unapita kukaphunzira kuchiza anthu, koma sabata yathunthu akhala akukulowezetsa Chilatini ngati ukukonzekera unsembe. Ukuti anterior, posterior, medial ndi lateral ndi zongozunguza mutu, poti kutsogolo ndi kumbuyo ngakhale mwana wakhanda amakudziwa. Nanenso ndinkatero. Ndiye tamvera kuno, ine bambo ako amene ndachita kumerera imvi m'chipinda chojambulira X-ray.

Chaka changa choyamba pantchito anandibweretsera bambo wina ali gone pamachira, mwendo wonse atauzenga bandeji kuyambira m'ntchafu mpaka m'katumba. Pakapepala amene anamuona analemba mwachangu kuti kachitsulo kalowa pamwamba pa bondo. Ine kuyang'ana munthu wagona chagada, pamwamba pa bondo ndi pati? Si apa poyang'ana kudenga? Ndinajambula bondo bwinobwino, chithunzi chinatuluka choyera, kachitsulo osaoneka. Mwini kapepala anabwera atafiira maso. Iye ankanena kumtunda kwa bondo, cha m'ntchafu. Tinakangana mpaka thukuta, ndipo chowawa n'choti tonse tinkanena zoona. Amene analipira ndi wodwala uja: anamunyamulanso akubuula, n'kumuwombanso cheza kachiwiri popanda chifukwa. Akanalemba kuti proximal, mawu amodzi okha, mlandu panalibe.

Vuto ndi loti thupi silikhala malo amodzi. Munthu amagona chagada, chafufumimba, chammbali, amapinda mkono, ndipo iwe womuyang'anawe umazungulira bedi. Pamwamba pa m'mawa pamasanduka pansi madzulo. N'chifukwa chake akadaulo anagwirizana kuti munthu aliyense, kaya wagona bwanji, tizimunena ngati waimirira chilili, nkhope kutsogolo, mapazi kutsogolo, manja m'mbali, zikhatho zitayang'ana kutsogolo. Mawu onse akukuvutawo amachokera pa kaimidwe kameneko. Anterior ndi mbali ya mimba ngakhale wodwala ataigonera mimbayo. Superior ndi cha kumutu ngakhale mutuwo utazyolika. Medial ndi kufupi ndi mzere wapakati pa thupi, lateral ndi kutali nawo. Proximal ndi distal ndi za miyendo ndi mikono makamaka: kufupi ndi pamene chiwalo chamera pathunthu, kapena cha kunsonga.

Za zikhathozo usazione mopepuka. Taimirira pompano, tambasula mkono, chikhatho chiyang'ane kutsogolo, chala chachikulu chiloze kunja. Mafupa awiri a pakati pa chigongono ndi dzanja agona mogundizana, radius kunja, ulna mkati. Tsopano tembenuza chikhatho chiyang'ane kumbuyo. Gwira ndi dzanja linalo, umva fupa likugudubuzika: radius yapingasa pamwamba pa ulna, chala chachikulu chabwera cha kuntchafu. Komabe m'fayilo chala chimenecho timachitchabe lateral, chifukwa sitiwerengera mmene mkono wakhalira lero. Ukamvetsa ka chinthu kameneka, theka la zoloweza zako latha.

Ndipo kumanja ndi kwa wodwala, mwana wanga, osati kwako. Apa ndi pamene pamagwera ngakhale akuluakulu. Chithunzi cha pachifuwa timachiyang'ana ngati mwini wake waima maso ndi maso ndi ife, ndiye dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwathu. Zithunzi za CT, makina aja ojambula thupi ngati alidula zidutswazidutswa, ndiye zimasokoneza koposa, poti timaziona ngati taima kumapazi kwa wodwala wogona chagada n'kumasuzumira cha kumutu. Chiwindi, chomwe chili kumanja kwa munthu, chimaoneka kumanzere kwa kompyuta. Ife ojambula tinkasunga tizilembo tamtovu, R ndi L, m'thumba la malaya ngati makiyi a nyumba, ndipo chithunzi chopanda kachilembo ndinkachiyesa chosatha. Tsiku lina udzaona mtima uli mbali yolakwika. Usadzathamangire kutembenuza chithunzi. Yang'ana kaye kachilembo, chifukwa munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 10,000 amabadwa ziwalo zam'kati zitasinthana mbali, mtima kumanja, chiwindi kumanzere. Safunsa anadya phula.

Tsono za magawidwe atatu a thupi aja, sagittal, coronal ndi transverse, ukuti sakulowa m'mutu. Ndikuuze za mutu wako womwewo. Uli khanda, amayi ako ankakonda kusisita liwombo lako, kumaliona likugunda pang'onopang'ono, ine n'kumawauza kuti apo ndi pamphambano. Mafupa a chibade amakumana m'misoko. Msoko wina umayenda pakati pa mutu kuchokera paliwombo kunka kunkhongo, wowongoka ngati muvi, ndipo muvi pa Chilatini ndi sagitta. Ndiye ukamva sagittal, ganiza mpeni wodula motsata msoko umenewo, kulekanitsa mbali yamanja ndi yamanzere. Msoko wina umadutsa chopingasa kuchokera cha kukhutu ili kupita cha kukhutu linalo, pamene pamakhala nkhata ya ulemu imene Aroma ankaitcha corona. Coronal ndi imeneyo, yolekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Misoko iwiriyi imakumana paliwombo penipeni, ndipo liwombolo limatsekeka mwana asanakwanitse zaka ziwiri nthawi zambiri. Yachitatu, transverse, ena amati axial, ndi yodula ngati mmene amachekera chipika, kumtunda kwake ndi kumunsi kwake. Basi, palibenso zina.

Ukadandaula kuchuluka kwa mawu, dziwa kuti unabadwa mochedwa bwino. Kale fupa limodzi linkakhala ndi mayina angapo, aliyense kutcha mmene wafunira, ena kupachikapo dzina la mphunzitsi wawo. Mu 1895 akadaulo a za thupi a ku Germany anakumana ku Basel n'kupeta mayina pafupifupi 50,000 mpaka kutsala osakwana 6,000. Chaka chomwecho, ku Würzburg, Wilhelm Röntgen anatulukira cheza chimene chinandidyetsa ine moyo wanga wonse n'kukulipirira iwe sukulu. Ndimakonda kuganiza kuti zinafika pamodzi dala: maso oonera m'kati mwa munthu wamoyo, ndi chilankhulo chofotokozera zimene waonazo. Mndandanda umene mukuphunzira lero, Terminologia Anatomica, unatuluka koyamba mu 1998.

Mawuwa adzakuthandiza usiku, uli wekha, singano ili m'manja. Polumikizira ntchafu ndi thunthu pamadutsa mitsempha iwiri ikuluikulu moyandikana. Wina umagunda, ndiwo wochokera kumtima. Wobwezera magazi kumtima uli medial kwa wogundawo. Ukasokoneza medial ndi lateral pamenepo, singano ipita kumene kuli mtsempha wotumiza mauthenga pakati pa ubongo ndi mwendo. Pachifuwa namonso, mitsempha imabisala m'munsi mwa nthiti iliyonse, ndiye polowetsa chubu amatsetsereka pamwamba pa nthiti ya m'munsi. Waona, ndalemba "pamwamba" ndi "m'munsi" ndipo mwina wayamba kale kufunsa kuti pamwamba pati. Mphepete ya superior, ndiye kuti ya cha kumutu.

Koma ndikuchenjeze chimodzi, chifukwa ndakuona mmene umanyadira ukadziwa chinthu chatsopano. Mawu amenewa ndi a iwe ndi anzako a ntchito, a m'fayilo ndi pafoni. Wodwala usamamuwaze Chilatini. Ndinaonapo achinyamata ovala zoyera akuuza gogo kuti ululu wake uli lateral, gogo n'kungovomera mwaulemu, m'maso muli mantha okhaokha. Mufunse aloze yekha ndi chala. Akaloza, gwira pomwepo, ufunsenso kuti, "Apa?" Akavomera, ndiye utembenuke ukalembe m'chilankhulo chanucho. Asanalowe ku opaleshoni, chizindikiro chimalembedwa pakhungu, mbali yoyenera, iye ali maso ndipo akuvomereza. Mwambo umenewo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linauika pamndandanda wake wa chitetezo cha opaleshoni mu 2008, chifukwa miyendo yabwinobwino inadulidwapo.

Tizilembo tanga tamtovu tija ndikadali nato m'kabati. Ka L kanapindika pang'ono pakona. Ukabwera patchuthi udzatenge, ndipo udzandiimirire chilili pakhomo, zikhatho kutsogolo, ndidzakufunse mafunso khumi. Amayi ako akuti ukalakwa awiri okha, mbale zonse udzatsuka ndiwe.

Ndine,
Bambo ako