Lipoti la msonkhano wa mbiri ya mpingo: kugawikana kwa 1843 ku Scotland

Abusa, akulu a mpingo ndi inu nonse a seshoni, zikomo pondituma ku msonkhano wa mbiri ya mpingo. Mitu inalipo ingapo, koma ndikhazikika pa umodzi umene ukutikhudza ife a CCAP.

Mkangano wa ku Scotland unali pa funso lakuti mbusa amusankhe ndani. Lamulo la 1712 linapatsa eni malo olemera mphamvu yoika mbusa pa mpingo, ngakhale akhristu asamufune. Mu 1834 msonkhano waukulu wa Church of Scotland unagamula kuti mpingo ukhoza kumukana mbusa wotere. Anthu a ku Auchterarder anamukanadi Robert Young, amene mwini malo anawasankhira, nkhani inapita kukhoti, ndipo mu 1839 House of Lords, bwalo lalikulu la apilo ku Britain pa nthawiyo, inaikira kumbuyo eni malo.

Pa 18 May 1843, msonkhano waukulu ukutsegulidwa ku Edinburgh, David Welsh, modereta amene ankatula udindo, anawerenga kalata yotsutsa, nanyamuka, ena namutsatira mpaka ku Tanfield Hall. Kumeneko anayambitsa Free Church of Scotland, modereta woyamba ali Thomas Chalmers. Abusa oposa 450 anatuluka, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse.

Apa ndi pamene mtima wanga unagwidwa. Anthuwa anasiya malipiro, matchalitchi ndi nyumba zaubusa, akazi ndi ana akumanga katundu osadziwa kolowera. Eni malo ena anakana kuwagulitsa poti amangepo, moti ankapemphera panja m'chisanu cha kumeneko. A ku Strontian anachita kukonzetsa tchalitchi choyandama, nachiika pa nyanja ya Loch Sunart, akumapitako pa mabwato Lamulungu. Koma sanatuluke chimbulimbuli. Chalmers anakonzeratu thumba limodzi loti mipingo yonse izisonkhamo, kuti mbusa wa kumudzi wosauka asagone ndi njala pamene wa m'tauni akukhuta. Ine ndikuona kuti thumbali ndilo linawaimika.

Ambiri a ife tinali tisanaganizepo kuti kugawikanaku kunafika kuno. Mishoni ya Livingstonia ya 1875 inatumizidwa ndi Free Church, ya Blantyre ya 1876 ndi Church of Scotland. Kuno mbali ziwirizi zinagwirizana mu 1924 popanga CCAP, Nkhoma nalowa mu 1926. Eni ake ku Scotland anadzayanjana mu 1929, ife titawatsogolera kale. Gulu laling'ono la Free Church linakana mgwirizano wa 1900, pamene ambiri a mpingowo anaphatikizana ndi mpingo wina wa chipresbiteriani, ndipo likutchedwabe Free Church mpaka lero.

Pokambirana, nthumwi zina zinati otulukawo anathamanga magazi, poti lamulo la eni malo lija linadzachotsedwa mu 1874. Ena tinayankha kuti zaka 31 si zochepa kwa mpingo wodyetsedwa ndi mbusa amene sunamuitane. Sitinamvane chimodzi.

Pempho langa ndi lakuti seshoni ipatule Loweruka limodzi kuti tiphunzire mbiri imeneyi ndi achinyamata komanso amayi a chigwirizano, ndiponso kuti komiti ya chuma ione mmene tingathandizire nthambi zathu zakumudzi zimene zikulephera kusamala abusa. Tsiku ndasiyira inu, ndipo zolemba za msonkhano ndazipereka kwa alembi.